Selo lachitatu pa synapse: mmene ma astrocyte amawongolera manyuroni ndi kukumbukira

Nyuroni, selo la mitsempha lonyamula uthenga, ikamapereka uthengawo kwa inzake, ziwirizo sizikhudzana. Pakati pake pamatsala kampata ka mananomita pafupifupi 20, kakang'ono moti mutandanda timipata totere 50,000 ndi pamene mungakwanitse milimita imodzi. Malo okumanirana amenewa amatchedwa synapse. Magetsi akafika kunsonga kwa nyuroni yotumiza, timatumba todzaza kemikolo yotchedwa glutamate timatseguka n'kukhuthulira m'kampatako. Kwa milisekondi imodzi kapena ziwiri glutamate amachuluka kufika pa millimolar imodzi (muyeso wa kuchuluka kwa kemikolo m'madzi), amamatirira pa zolandirira za nyuroni ya tsidya linalo, basi uthenga wadutsa. Nanga glutamate uja amapita kuti? Akakhalitsa pomwepo, uthenga wachiwiri sungasiyane ndi woyamba, ndipo akachulukitsa amapha nyuroni yomwe amailankhulayo. Amene amamuchotsa ndi selo lachitatu limene limazungulira synapse, lotchedwa astrocyte. Ndipo amene ali ndi mphamvu yochotsa uthenga ali ndi mphamvunso pa kutalika kwake, kukula kwake ndi kumene ungafike.

Maselo amenewa anadziwika kalekale koma ankapeputsidwa. Mu 1856 Rudolf Virchow anatchula zimene zimadzaza pakati pa manyuroni kuti neuroglia, kutanthauza guluu wa mitsempha, ndipo dzinalo linawakanirira. Dzina loti astrocyte, selo looneka ngati nyenyezi, anabwera nalo Michael von Lenhossék m'zaka za m'ma 1890. Chimene chinachititsa kuti anyalanyazidwe kwa zaka pafupifupi 100 ndi zipangizo. Ofufuza ubongo ankalowetsa kawaya m'selo kuti amve magetsi ake. Nyuroni imathetheka, pomwe astrocyte imangoti duu pa mamilivoti pafupifupi -85. Selo limene silikuyankha pa chida chako n'chapafupi kuliyesa losalankhula. Palinso mbiri ina yofala yakuti maselo a glia amaposa manyuroni kakhumi. Gulu la Suzana Herculano-Houzel ku Brazil litawerenga mu 2009 linapeza manyuroni pafupifupi 86 biliyoni ndi maselo ena onse pafupifupi 85 biliyoni, ndipo ma astrocyte ndi gawo chabe la amenewo.

Dzina la nyenyezi nalonso limasocheretsa. Utoto umene anthu anazolowera umagwira puloteni ya GFAP, imene ili m'nthambi zikuluzikulu zokha, pafupifupi 15 peresenti ya selo lonse. Selo likadzazidwa utoto mpaka kunsonga limaoneka ngati chinkhupule: timasamba masauzande topyapyala kwambiri, tina tosakwana mananomita 100, tolowerera pakati pa ma synapse. Astrocyte iliyonse ili ndi dera lake limene inzake siilowamo kwenikweni. Mu hippocampus ya khoswe, chigawo cha ubongo chofunika pa kukumbukira, dera limodzi lotere limakhala ndi ma synapse pafupifupi 140,000. Mwa munthu seloli ndi lalikulu kuwirikiza kawiri ndi theka m'mimba mwake, ndipo ma synapse a m'dera lake angafike 2 miliyoni. Si synapse iliyonse imene imafundidwa: m'chigawo cha CA1 cha hippocampus ndi pafupifupi 57 peresenti imene ili ndi kasamba ka astrocyte pambali pake. Nthambi zina zimathera pa timitsempha ta magazi n'kutikuta pafupifupi paliponse. Ma astrocyte amalumikizananso okhaokha kudzera m'timabowo topangidwa ndi mapuloteni a connexin 43 ndi connexin 30, mmene mumadutsa ma ion (tizidutswa ta mchere tonyamula magetsi) ndi mamolekyu ang'onoang'ono. Choncho selo limodzi lagwira magazi mbali ina, ma synapse mbali ina, anzake mbali inanso.

Kuchotsa glutamate ndi potaziyamu

Pa khungu la timasamba tija pali mapuloteni awiri onyamula glutamate, GLT-1 ndi GLAST, amene mwa anthu amatchedwa EAAT2 ndi EAAT1. GLT-1 ndi wochuluka moti yekha amakwana pafupifupi 1 peresenti ya mapuloteni a mu ubongo. Molekyu imodzi ya glutamate imalowa limodzi ndi ma ion atatu a sodiyamu ndi imodzi ya haidirojeni, ndipo ion imodzi ya potaziyamu imatuluka. Mphamvu yokokera glutamate imachokera kwa sodiyamu, amene ndi wambiri kunja kwa selo ndipo amakankhira mkati nthawi zonse. Ndiye kuti astrocyte iyenera kumatulutsa sodiyamu mosalekeza ndi pampu yotchedwa Na/K-ATPase, ndipo pampuyo imadya ATP, mafuta a selo. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso kawiri kutsogoloku.

Glutamate akalowa, enzyme (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa makemikolo) ya glutamine synthetase, imene mu ubongo imapezeka makamaka m'ma astrocyte, imamulumikiza ndi amoniya n'kupanga glutamine. Glutamine sadzutsa zolandirira za glutamate, choncho angathe kutulutsidwa bwinobwino. Nyuroni imamutenga n'kumubwezanso kukhala glutamate, kapena GABA, kemikolo ya uthenga woletsa, ngati ili nyuroni yoletsa. Manyuroni alibe enzyme ya pyruvate carboxylase yofunika popanga glutamate watsopano kuchokera ku shuga, motero nkhokwe yawo imadalira astrocyte. Mu 1997 Kohichi Tanaka ndi anzake ku Japan anapanga mbewa zopanda GLT-1. Zinkagwa khunyu mwazokha ndipo zambiri zinkafa zisanakule.

Wina angati uku n'kusesa chabe. Koma timasamba tija timasuntha. Mu makoswe oyamwitsa, ma astrocyte a m'kachigawo ka ubongo kotchedwa supraoptic nucleus amabweza timasamba tawo m'mbuyo. Stéphane Oliet ndi anzake ku Bordeaux anaonetsa mu 2001 kuti zikatero glutamate amachedwa kuchoka, amafika pa zolandirira za kunsonga kwa nyuroni yotumiza, ndipo nyuroniyo imachepetsa zimene imatulutsa. Mu hippocampus namonso zinapezeka mu 2020 kuti synapse ikangolimbitsidwa, kasamba ka pambali pake kamabwerera m'mbuyo, glutamate n'kumatayikira ku ma synapse oyandikana. Kusuntha kwa mananomita ochepa kumasintha amene akumva uthenga.

Potaziyamu nkhani yake ndi yofanana. Nyuroni ikathetheka imatulutsa potaziyamu, ndipo mpata wa kunja kwa maselo ndi wothina moti amachuluka msanga. Pabwinobwino amakhala pa millimolar pafupifupi 3, ndipo ngakhale pa khunyu sakonda kupitirira 10 mpaka 12. Akakwera, manyuroni onse a pamalopo amayandikira pothethekera. Astrocyte imamuyamwa kudzera m'tizitseko ta Kir4.1 ndi pampu ija, n'kumugawira kwa anzake kuti akatuluke kumene kuli wochepa. Richard Orkand, John Nicholls ndi Stephen Kuffler anafotokoza zimenezi mu 1966. Ana obadwa ndi jini ya Kir4.1 yowonongeka, matenda amene anafotokozedwa mu 2009 ndi dzina loti EAST kapena SeSAME, amagwa khunyu, amadzandira poyenda, samva bwino, ndipo impso zawo zimataya mchere.

Chilankhulo cha kashiyamu

Mu 1990 Ann Cornell-Bell, Stephen Smith ndi anzawo ku Yale anaika m'ma astrocyte olerera m'mbale utoto umene umawala ukakumana ndi kashiyamu, kenako anathirapo glutamate. Maselo anayamba kuphethira, ndipo kuwalako kunkayenda ngati funde kuchoka pa selo lina kupita pa lina. Selo losalankhula lija linali likuyankha nthawi yonseyi, kungoti ndi kashiyamu m'malo mwa magetsi. Mu 1994 magulu awiri, la Philip Haydon ndi la Maiken Nedergaard, anaonetsa kuti kashiyamu akakwera mu astrocyte, manyuroni oyandikana nawo amayankha. Pofika 1999 Alfonso Araque, Haydon ndi anzawo anali atapereka dzina loti tripartite synapse, synapse ya mbali zitatu.

Njira yodziwika bwino imayenda motere. Kemikolo ya uthenga, kaya glutamate, noradrenaline, acetylcholine kapena ATP, imamatirira pa cholandirira cholumikizidwa ndi puloteni ya Gq. Gq imadzutsa enzyme ya phospholipase C, imene imadula mafuta ena a pa khungu la selo n'kutulutsa IP3. IP3 imatsegula kachitseko ka IP3R2 pa nkhokwe ya mkati mwa selo yotchedwa endoplasmic reticulum, kashiyamu n'kukhuthukira m'selomo kuchoka m'nkhokweyo. Selo likapuma amakhala pa nanomolar pafupifupi 100, ndipo apa amakwera kangapo. Koma njira si imeneyi yokha. M'timasamba tija, mmene nkhokweyo nthawi zambiri siifika, kashiyamu amalowa kuchokera kunja kudzera m'tizitseko ta pa khungu, kapena amatuluka m'ma mitochondria, tizigawo ta selo topanga ATP.

Chofunika kuchigwira apa ndi nthawi. Kuthetheka kwa nyuroni kumatha m'milisekondi imodzi kapena ziwiri ndipo kungathamange mamita 100 pa sekondi. Funde la kashiyamu m'mbale limakwawa mamaikulomita pafupifupi 20 pa sekondi. Tizizindikiro ta m'timasamba timayamba msanga, tina m'mamilisekondi mahandiredi ochepa, koma kudzuka kwa selo lonse kumatenga masekondi. Choncho astrocyte singanyamule mawu amene mukuwerengawa chilembo ndi chilembo. Imene ingathe ndi ntchito ina: kusonkhanitsa zimene zachitika m'masekondi angapo pa ma synapse ambiri, n'kusintha mmene dera lonselo lidzayankhire uthenga wotsatira. Kuphunzira kumachitika pa nthawi yotereyi, ya masekondi, mphindi ndi maola.

Chilolezo cholimbitsa synapse

Kuti hippocampus ndi yofunika posunga zatsopano kunaonekera pa Henry Molaison, amene anamuchotsa mbali yaikulu ya hippocampus mbali zonse ziwiri mu 1953 ndipo sanathenso kusunga zochitika zatsopano. Mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo anafalitsa zimene anapeza ku Oslo pa akalulu: njira ya mitsempha ikadzutsidwa mothamanga kwa masekondi ochepa, ma synapse ake amakhala amphamvu kwa maola. Zimenezi zimatchedwa LTP, ndipo pa ma synapse ambiri khomo lake ndi cholandirira cha glutamate chotchedwa NMDA. Cholandirirachi chili ndi maloko atatu. Glutamate ayenera kumatirira. Nyuroni yolandira iyenera kukhala itadzuka kale kuti ion ya maginiziyamu imene imatseka bowo ichoke. Ndipo pa malo ena apadera payenera kukhala kemikolo ya glycine kapena ya D-serine. Atatuwo akakwana, kashiyamu amalowa m'nyuroni, enzyme ya CaMKII imadzuka, zolandirira zina za glutamate zotchedwa AMPA zimawonjezeredwa, synapse yalimba. Loko lachitatulo ndi limene limalowetsa astrocyte m'nkhani.

Kuyesa kumene kunaonetsa izi bwino kunafalitsidwa kumayambiriro kwa 2010 ndi Christian Henneberger, Dmitri Rusakov ndi anzawo. Anatenga kachidutswa kopyapyala ka hippocampus ya khoswe wamkulu, n'kumatika kapaipi kagalasi pa astrocyte imodzi ya mu CA1. M'kapaipiko munali madzi osakaniza mwakuti kashiyamu wa m'selo akhale pa mlingo wake wopuma, osatha kukwera. Kenako anadzutsa mitsempha mothamanga monga amachitira pofuna LTP. Pa ma synapse ozungulira selo lomangidwalo LTP sinachitike, pomwe chapatali pang'ono, m'kachidutswa komweko, inachitika monga mwa masiku onse. Atathira D-serine m'madzi osambitsa kachidutswako, LTP inabwerera. Manyuroni anali abwinobwino, glutamate analipo, chimene chinasowa ndi chilolezo cha selo lachitatu.

Patangopita miyezi iwiri, gulu la Ken McCarthy ku University of North Carolina linafalitsa zotsutsana nazo. Mbewa zopanda IP3R2, zimene ma astrocyte ake sankaonetsa kukwera kwa kashiyamu, zinali ndi LTP yabwinobwino. Ndipo atakweza dala kashiyamu m'ma astrocyte okha, ma synapse sanasinthe. Mkangano umenewu unatenga zaka, koma unaphunzitsa zambiri za mmene kuyesa kumalakwikira, ndipo aliyense wowerenga nkhani za ma astrocyte ayenera kuzidziwa.

Choyamba chinali poyang'ana. Utoto wakale unkaonetsa thunthu la selo ndi nthambi zazikulu. Gulu la Baljit Khakh ku UCLA litagwiritsa ntchito puloteni yowala ya GCaMP linaonetsa mu 2015 kuti m'mbewa zopanda IP3R2 thunthu limakhaladi chete, koma m'timasamba kashiyamu amaphethirabe. Ndiye kuti mbewazo sizinali zozimitsidwa monga ankaganizira. China ndi msinkhu: cholandirira cha mGluR5, chimene ambiri ankati ndi khutu la astrocyte pomvera glutamate, chimachepa kwambiri mbewa ikapitirira milungu itatu, choncho zopezeka pa tiana sizingangosamutsidwira pa zazikulu. Ma astrocyte olerera m'mbale ndi madzi a m'magazi amasintha khalidwe n'kukhala ngati a pa bala. Mankhwala ogonetsa amazimitsa kashiyamu wawo pa mlingo umene manyuroni amayankhabe, moti zoyesa zambiri zakale pa nyama zogonetsedwa zinkaona selo logona. Ngakhale majini olowetsedwa dala amatha kusochera. Mbewa ya dnSNARE, imene inapangidwa kuti ma astrocyte okha asatulutse timatumba ndipo inagwiritsidwa ntchito pofufuza za tulo, gulu lina linanena mu 2014 kuti jiniyo inkagwiranso ntchito m'manyuroni.

D-serine nayenso nkhani yake inasintha. Enzyme imene imamupanga, serine racemase, inapezeka kuti mu ubongo wathanzi ili kwambiri m'manyuroni. Koma imamupanga kuchokera ku L-serine, ndipo L-serine amapangidwa ndi ma astrocyte kuchokera ku shuga kudzera mu enzyme ya PHGDH, imene manyuroni ali nayo yochepa kwambiri. Choncho kaya womalizitsa ndi ndani, gwero lili mu astrocyte. Za glutamate wotuluka m'ma astrocyte, gulu la Andrea Volterra ku Lausanne linaonetsa mu 2023 kuti ndi kagulu kochepa chabe kamene kali ndi zipangizo zotulutsira timatumba mofulumira. Izi zikuthandiza kumvetsa chifukwa chake ena ankaona ndipo ena sankaona: ankayesa maselo osiyana n'kumawatchula dzina limodzi.

Mafuta a kukumbukira kwa nthawi yaitali

Ubongo ndi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zake, ndipo nkhokwe yake ya shuga, glycogen, ili pafupifupi yonse m'ma astrocyte. Apa ndi pamene pampu ya sodiyamu ija ikubwera koyamba. Luc Pellerin ndi Pierre Magistretti ananena mu 1994 kuti glutamate akamalowa ndi sodiyamu, pampu imathamanga, ATP imachepa, astrocyte imaphwanya shuga mofulumira n'kutulutsa lactate, amene nyuroni imamutenga. Motero kuchuluka kwa uthenga kumadziitanira kokha mafuta.

Mu 2011 gulu la Cristina Alberini ku New York linayesa izi pa makoswe ophunzitsidwa kupewa chipinda chamdima mmene anagwidwa ndi magetsi. Atabaya mu hippocampus mankhwala oletsa kuphwanya glycogen, makoswe ankakumbukira patapita ola limodzi, koma tsiku lotsatira anali ataiwala. Atawonjezera lactate, kukumbukira kunabwerera. Atatseka MCT1 kapena MCT4, zotulutsira lactate mu astrocyte, zotsatira zinali zomwezo ndipo lactate ankakonzanso. Koma atatseka MCT2, cholowetsera cha nyuroni, lactate sanathandize, chifukwa analibe polowera. Dongosolo limeneli ndi limene limapatsa kuyesaku mphamvu. Kukumbukira kwa nthawi yaitali kumafuna majini atsopano adzuke ndi mapuloteni atsopano apangidwe, ndipo zonsezo zinkalephera lactate akasowa. Pali umboni wabwino wakuti manyuroni akadzuka amaphwanyanso shuga okha, choncho kunena kuti amangodya lactate n'kupitirira malire. Chimene chaima ndi chakuti pa nthawi yokhazikitsa chikumbukiro, lactate wa mu astrocyte amafunika.

Ma astrocyte alinso ndi dzanja pa kumanga ndi kugumula ma synapse enieniwo. Gulu la Ben Barres ku Stanford linapeza mu 2005 kuti mapuloteni a thrombospondin amene iwo amatulutsa amachititsa manyuroni kupanga ma synapse atsopano, ndipo mu 2013 linaonetsa kuti amameza ma synapse osafunika kudzera mu MEGF10 ndi MERTK. Kumezaku kumapitirira mu hippocampus ya nyama yaikulu, ndipo kukaletsedwa mbewa zimavutika kuphunzira.

Kuwadzutsa dala m'nyama yamoyo

Masiku ano n'zotheka kuika m'ma astrocyte okha cholandirira chochita kupanga, chimene chimadzuka ndi mankhwala amodzi okha. Gulu la Inbal Goshen ku Hebrew University of Jerusalem linachita izi mu CA1 mu 2018, podzutsa njira ya Gq ija. Mbewa zimene ma astrocyte ake anadzutsidwa pa nthawi yophunzira zinakumbukira bwino tsiku lotsatira kuposa zinzake. Atadzutsa manyuroni enieniwo mwa njira yomweyo, kukumbukira kunaipa. Kusiyana kwake n'kwakuti kudzutsa manyuroni onse kumangowonjezera phokoso, pomwe astrocyte inkakweza manyuroni pa nthawi yophunzira yokha, osati mbewa ikangokhala m'khola mwake. Mu 2020 gulu lomwelo linadzutsa njira ina, ya Gi, pa nthawi yophunzira. Tsiku lotsatira mbewa zinkakumbukira, koma patatha mwezi zinali zitaiwala, ndipo chimene chinasokonekera ndi uthenga wochoka mu CA1 kupita ku chigawo cha kutsogolo kwa ubongo chotchedwa anterior cingulate cortex, kumene zikumbukiro zakale zimadalira. Zimene astrocyte inachita pa tsiku lophunzira zinadzaonekera patapita milungu inayi.

Mu 2024 gulu la Benjamin Deneen ku Baylor College of Medicine linapita patsogolo. Linaika chizindikiro pa ma astrocyte ochepa amene anadzutsa jini ya c-Fos, imene imadzuka selo likagwira ntchito, pamene mbewa inkaphunzira kuopa malo ena. Atadzutsa maselo omwewo mbewa ili pamalo ena osaopsa, inauma thupi ngati ili pamalo oopsa paja. Atachotsa jini ya NFIA m'maselo amenewo okha, chikumbukiro chimenecho chinafooka koma zina zinatsala. Izi sizikutanthauza kuti astrocyte imasunga chithunzi cha malowo. Kumasulira kosamala n'kwakuti maselowo ali pafupi ndi manyuroni onyamula chikumbukirocho ndipo amawathandiza kudzuka. Komabe zikuonetsa kuti ma astrocyte sagwira ntchito ngati chigulu chimodzi chopanda tsankho.

Chamba chimapereka chitsanzo china. Mu 2012 magulu a Xia Zhang ndi Giovanni Marsicano anapeza kuti THC, kemikolo yoledzeretsa ya mu chamba, ankasokonezabe kukumbukira kwa kanthawi kochepa m'mbewa zimene manyuroni ake anachotsedwa CB1, cholandirira chimene THC amamatirirapo, koma sankasokoneza m'mbewa zimene CB1 anachotsedwa m'ma astrocyte.

Umboni umene ukukula kwambiri ndi wa noradrenaline, kemikolo imene kachigawo ka locus coeruleus kamamwaza mu ubongo wonse nyama ikadzidzimuka kapena ikatchera khutu. M'mbewa yosagonetsedwa, palibe chimene chimadzutsa ma astrocyte ambiri nthawi imodzi kuposa iye. Gulu la Misha Ahrens ku Janelia linaonetsa mu 2019 ntchito yake pa tiana ta nsomba ya zebrafish. Kansomba kankaikidwa pamalo amodzi, pansi pake pakuyenda mizere yonamizira kuti madzi akukatenga. Kakasambira, mizere inkabwerera, ngati kapita patsogolo. Kenako ofufuza anadula mgwirizanowo, moti kakasambira palibe chinkasintha. Kankalimbikira kwa masekondi angapo, kenako n'kungosiya. Mkati, kulephera kulikonse kunkadzutsa manyuroni a noradrenaline, kashiyamu wa m'ma astrocyte n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo atafika pa mlingo wina anadzutsa manyuroni a GABA amene anaimitsa kusambira. Ma astrocyte atazimitsidwa, kansomba sikankasiya. Selo lochedwa lija ndi limene linkawerenga kuti zalephereka kangati. Mu 2025 magulu atatu, ogwira pa mbewa, nsomba ndi ntchentche, anafalitsa limodzi zosonyeza kuti mbali yaikulu ya zimene makemikolo odzutsawa amachita pa ma synapse imadutsa mu astrocyte. Mu hippocampus ya mbewa njira yake ndi iyi: noradrenaline amadzutsa astrocyte, astrocyte imatulutsa ATP, ATP imadulidwa kunja kwa selo kukhala adenosine, ndipo adenosine amamatirira pa cholandirira cha A1 n'kuchepetsa glutamate wotuluka. Zakhala zikudziwika kuti chochitika chodzidzimutsa chimakhazikika m'mutu kuposa cha tsiku ndi tsiku, ndipo tsopano pakati pa kudzidzimuka ndi synapse paoneka selo limene mabuku akale sankalijambula.

Zikalakwika

Pampu ya sodiyamu ikubweranso kachiwiri pa sitiroko. Magazi akaleka kufika, ATP imatha m'mphindi zochepa, pampu imaima, sodiyamu amadzaza m'maselo, potaziyamu amachuluka kunja kupitirira millimolar 50. Zonyamula glutamate zimayenda motsatira kumene ma ion akukankhira, choncho zimatembenuka n'kuyamba kumutulutsa. Zolandirira za NMDA zimakhala zotseguka, kashiyamu amasefukira m'manyuroni, maselo n'kufa. Chida chotetezera chomwecho chimasanduka gwero la poizoni.

Chiwindi chikalephera, amoniya amachuluka m'magazi n'kulowa mu ubongo. Selo lokhala ndi glutamine synthetase ndi limene limamulandira, ndipo glutamine wochuluka amakoka madzi, astrocyte n'kutupa. Wodwala amasokonezeka maganizo, amaiwala, amagona usana n'kukhala maso usiku, manja ake akawatambasula amagwedezeka. Manyuroni ake poyamba amakhala osawonongeka, n'chifukwa chake amoniya akatsitsidwa ndi mankhwala monga lactulose, munthu amatha kubwereramo. Pa khunyu lochokera mu hippocampus yolimba ndi zipsera, zinapezeka mu 2004 kuti enzyme yomweyo imachepa kwambiri pamalopo, motero glutamate amatsalira kunja.

Pa matenda a Alzheimer, ma astrocyte ozungulira zibuma za puloteni ya amyloid amatupa, amachulukitsa GFAP, ndipo m'mbewa zoyesera kashiyamu wawo amakhala wokwera n'kumayenda m'mafunde osaitanidwa. Ena amayamba kupanga GABA wambiri kudzera mu enzyme ya MAO-B, zimene zimapondereza manyuroni a mu hippocampus. Puloteni ya ApoE, imene mtundu wake wa APOE4 ndi jini yofala kwambiri yowonjezera chiopsezo cha matendawa, mu ubongo imapangidwa makamaka ndi iwo. GFAP wa m'magazi amakwera mwa anthu amene amyloid wayamba kuunjikana, ngakhale asanayambe kuiwala, ndipo akuyesedwa ngati chizindikiro chopimira.

Kusandutsa zonsezi kukhala mankhwala kwakhala kovuta. Pa matenda a ALS, amene amapha manyuroni oyendetsa minofu, zinadziwika kuyambira 1995 kuti EAAT2 amachepa, ndipo mu 2005 gulu la Jeffrey Rothstein linapeza kuti ceftriaxone, mankhwala opha mabakiteriya, amachulukitsa GLT-1 ndi kutalikitsa moyo wa mbewa zodwala. Atayesedwa pa odwala oposa 500, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2014 zinaonetsa kuti sanathandize. Mbewa zinkalandira mankhwala matenda akungoyamba, pomwe anthu amafika manyuroni ambiri atafa kale. Komanso zolandirira zambiri za astrocyte, monga za noradrenaline, CB1 ndi adenosine, zilinso pa manyuroni ndi ziwalo zina, choncho piritsi silingasankhe selo monga amasankhira majini m'mbewa. Ofufuza akulunjika tsopano pa mapuloteni amene mu ubongo ali pafupifupi m'ma astrocyte okha, monga Kir4.1, connexin 43 ndi aquaporin-4. Matenda a Alexander, amene amayamba chifukwa cha kuwonongeka kwa jini ya GFAP yeniyeniyo, ndi amodzi mwa oyamba kumene mankhwala olunjika pa astrocyte afika poyesedwa pa anthu: kachingwe kafupi kotsekereza uthenga wa jini, kotchedwa antisense, kamene kamabayidwa m'madzi a m'msana kuti kachepetse kupangidwa kwa puloteniyo.